Mmene ntchito yosankhula mulu wa kaunjika ikuyendera

Lolemba

Ntchito yayambika. Pali mulu wa zovala za kaunjika womwe ndikufuna kuusankhula chimodzichimodzi, chovala chilichonse chikhale ndi mzere wake pa Excel, ndipo pamzerepo pakhale mayankho a mafunso atatu: chinasokedwa liti, n'cholimba bwanji, komanso anthu aja osonkhanitsa zovala zakale angachifune kapena ayi. Mafunsowa ndawalekanitsa dala, anthu amakonda kuwaphatikiza ngati ndi funso limodzi pomwe sizili choncho. Chovala chitha kukhala chakalekale koma chosokedwa mwamgwazo, china n'cholimba zedi choti uvala mpaka kutopa nacho koma palibe angachilimbirane, nde pali katisheti kopyapyala kosuluka koti wina angakasandutse chokolopera koma osonkhanitsa akakaona mtima umakhala m'mwamba.

Ogulitsa ambiri amati chovala chikadutsa zaka 20 ndiye vintage, chikafika zaka 100 ndiye antique. Si lamulo la boma lililonse, n'chizolowezi chabe, komabe nditsatira zomwezo kuti tisamakanganepo. Zida zili patebulo ndi tepi yoyezera, tochi ya pafoni, kagalasi kokulitsira, kalumo ndi machesi basi. Ndondomeko yomwe ndadziikira ndi yoti lebulo ndiziiona pomaliza. Poyamba manja akhudze nsalu, kenako nditembenuze chovalacho kumkati, lebulo ibwere kudzangovomereza kapena kutsutsa zomwe ndaona kale. Ukayambira lebulo umakopeka ndi dzina, zina zonse suzionanso.

Lachiwiri madzulo

Tsiku lonse lathera pa nsalu. Zambiri manja amadziwa okha, kungofinya pang'ono n'kusiya: bafuta amakwinyika pompo ndipo makwinya ake sachoka, ubweya wa nkhosa umabwerera mmene unalili, poliyesita naye sakwinyika koma amaterera mwa mtundu wina wake, ukamugwira nthawi yayitali dzanja limatuluka thukuta. Kenako kuunika ndi tochi kumbuyo kwa nsalu kuti uone mmene ulusi wathinanirana, ndi pomwenso malo operepeseka amaonekera, m'zigongono, m'maondo, pamatako, malo oti pongoyang'ana ndi maso suwaona.

Zomwe zandikayikitsa ndazitentha, osati chovala chonse ayi kkk, kungosolola tiulusi tiwiri titatu kumkati kwa msoko komwe sikuoneka. Thonje limayaka msangamsanga, fungo lake la pepala lopsa, phulusa lotuwa lofewa. Ubweya wa nkhosa ndi silika zimanunkha tsitsi lopsa, ukachotsa moto zimazima zokha, kotsalako n'kakuda koma ukakatikita kamafumbutuka. Poliyesita ndi nayiloni zimathawa moto, zimasungunuka n'kusiya kambulu kolimba koti sungakaphwanye ndi zala. Viscose ndiye amapusitsa, amayaka ngati thonje chifukwa naye amachokera ku mitengo. Nsalu yosakaniza imachita zonse nthawi imodzi, ikunukha pepala uku ikusungunuka, apo ndimangolemba kuti yosakaniza osataya nthawi.

Ubwino wake kuyesa uku kumathandizanso pa zaka. Nayiloni anabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, poliyesita anafika m'masitolo m'ma 1950, ulusi wotamuka uja wa Lycra anaupanga mu 1958. Nde pali diresi lina lamaluwa lomwe masokedwe ake akuoneka ngati a m'ma 1940, mapewa okwera, chiuno chothina, koma ulusi wake wasungunuka. Ndalemba kuti ndi la pambuyo pake longotengera fasho yakale, zomwe si zachilendo, mafasho amabwerera nthawi zonse.

Majuzi a akiriliki ndawaika pansi penipeni pa nkhani ya kulimba. Timibulu take tija sitichoka, ulusi wake ndi wolimba moti timakakamira pomwepo, pomwe pa juzi ya ubweya weniweni timibulu timatuluka inde koma ukapesa timathothoka juzi n'kukhalanso bwino.

Lachinayi

Achemwali anga omwe ndi atelala anabwera kudzandithandiza mbali ya masuti ndi majekete, ndipo zayenda msanga kwambiri. Atangofika anatenga jekete lina lomwe ndimaliona ngati labwino, anati "achimwene, suti sayionera kunja, tatsinani apa", pansi pa bowo la batani lomaliza. Umatsina nsalu yakunja ndi dzanja limodzi, yamkati ndi dzanja lina, n'kuzipatula pang'ono. Ukamva kuti pakati pali nsalu yachitatu yoyenda payokha, imeneyo ndi canvas yochita kusokerera, nthawi zambiri ya ubweya wosakaniza ndi wa hatchi, jekete lotere limakhala zaka zambirimbiri ndipo limatenga thupi la mwini wake. Ukamva kuti nsalu yakunja ndi yokhuthala yolimba ngati yamatidwa, ndiye kuti yamatidwadi ndi guluu. Zomatazo zikakumana ndi simbi yotentha kapena madzi guluu amalekana ndi nsalu, pachifuwa pamatuluka matuza, ndipo matuza amenewo palibe telala angawakonze. Jekete lija linali lomata ndipo matuza anali atayamba kale pafupi ndi kolala.

Anandionetsanso zina zomwe ndazionjezera pa Excel. Nsalu ikakhala ya mizere kapena mabokosi, yang'ana ngati mizere ikukumana pamsoko ndi pathumba, chifukwa kukumanitsa mizere kumadya nsalu yambiri ndipo fakitale yothamangira phindu siichita zimenezo. Yang'ana nsalu yomwe anasiya mkati mwa msoko: zovala zakale amasiya yambiri kuti munthu akanenepa akatambasule, zamasiku ano amadula mpaka pa ulusi penipeni. M'mphepete modula mano mano ndi lumo la zigizagi ndi chizindikiro chofala pa zovala za m'ma 1950 komanso zosokedwa pakhomo, ovaloko inadzafala kwambiri cha m'ma 1960 kupita m'ma 1970. Mabatani a chigoba cha m'nyanja amazizira ukawagunditsa patsaya ndipo kumbuyo kwake sikufanana, apulasitiki onse amakhala chimodzimodzi.

Za mazipi tachedwapo ndithu. Zipi yachitsulo pa diresi, makamaka ikakhala m'mbali pansi pa khwapa osati kumsana, imaloza ku zaka za m'ma 1930 mpaka m'ma 1950. Yanayiloni yopota ija inafala kuyambira m'ma 1960. Maina ngati Talon, Conmar ndi Crown pa kogwirira amasangalatsa osonkhanitsa zovala za ku America. YKK payokha sikuuza kanthu, kampaniyo inayamba ku Japan mu 1934 ndipo ikupangabe mpaka lero. Koma zipi ndi chinthu chomwe chimasinthidwa kawirikawiri, nde achemwali amayang'ana kaye ngati ulusi wosokera zipiyo ukufanana ndi wa chovala chonse, komanso ngati pambali pake palibe timabowo ta singano takale.

Loweruka

Lero ndiye tsiku la malebulo, ndipo apa mpomwe mbiri ya dziko lapansi imathandiza. Lebulo yotchula dziko lomwe kulibenso ndi mphatso. Made in West Germany ndiye kuti Germany isanagwirizanenso mu 1990. USSR inatha mu 1991, Czechoslovakia inagawikana kumapeto kwa 1992, lebulo yonena kuti Hong Kong ndi ya Britain ndiye kuti isanafike 1997. Mu muluwu mwapezeka kajekete ka masewera ka West Germany, nsalu yake ya poliyesita wamba, pa kulimba kali pakatikati basi koma pa zaka sikakukayikitsa.

Zina zomwe ndikugwiritsa ntchito: ku America lamulo loti chovala chikhale ndi lebulo yosokerera ya kachapidwe linayamba kugwira ntchito mu 1972, nde chovala cha kumeneko chopanda lebulo yotere, komanso popanda pomwe pakuoneka kuti inadulidwa, n'kutheka ndi cha m'mbuyo mwa chaka chimenecho. Chizindikiro cha ubweya wa nkhosa cha Woolmark chija chooneka ngati mpukutu wa ulusi chinayamba mu 1964. Marks & Spencer inkalemba St Michael pa zovala zake mpaka mu 2000. Burberry inkalembedwa Burberrys, ndi s kumapeto, mpaka 1999, ngakhale mafeki okhala ndi s yemweyo ndi ambirimbiri. CC41 ndi chizindikiro cha zovala zomwe boma la Britain linkayang'anira kapangidwe kake pa nthawi ya nkhondo ndi pambuyo pake, 1941 mpaka 1952, chimenecho sindinachipeze ndipo ndikukayika ngati ndichipeze. Pa zovala za amayi za ku America pamakhala kalebulo ka bungwe la osoka la ILGWU, kamitundu yofiira, yoyera ndi yobiriwira ngati thambo ndi ka 1974 mpaka 1995, chaka chomwe bungwelo linaphatikizana ndi lina. Majekete a phula a Barbour amawerengera zidindo za banja lachifumu zomwe zili pa lebulo, choyamba anachilandira mu 1974, chachiwiri mu 1982, chachitatu mu 1987.

Nambala yoyamba ndi RN pa malebulo a ku America anthu amaikhulupirira mopitirira muyeso. Imangokuuza kampani yomwe inalembetsa nambalayo, ndipo kampani itha kugwiritsa ntchito nambala imodzimodziyo kwa zaka 40. Imakuuza kuti chovala sichingakhale chakale kuposa nambalayo, basi pomwepo.

Pali jekete la Harris Tweed lomwe landionetsa bwino chifukwa chomwe ndinalekanitsira mafunso aja. Lebulo yake ya mpira wokhala ndi mtanda pamwamba imatsimikiza kuti nsalu inalukidwa pamanja, pakhomo pa woluka, kuzilumba za Outer Hebrides ku Scotland, mpaka pali lamulo la 1993 loteteza dzinali. Kulimba ndalipatsa pamwamba penipeni. Koma majekete otere alipo ambiri zedi padziko, osonkhanitsa sataya nawo tulo. Ndi lovala, osati losunga.

Manambala a sayizi sindikuwalemba n'komwe, 12 wa m'ma 1960 ndi wamng'ono kwambiri kuyerekeza ndi 12 wa lero. Ndikuyeza ndi tepi, khwapa mpaka khwapa, phewa mpaka phewa, chiuno, kutalika.

Sabata yotsatira, Lachiwiri

Majinzi. Ambiri ndawadutsa mothamanga, amasiku ano osakaniza ndi lastiki omwe m'mphechepeche mwayamba kale kuchita mafundemafunde, ameneyo ndi lastiki wofa ndipo sadzuka. Omwe ndakhala nawo pansi ndi a Levi's, chifukwa palibe jinzi ina yomwe mbiri yake anthu anaitsata mwatsatanetsatane ngati mtundu wawo wa 501.

Levi Strauss ndi Jacob Davis analandira chiphaso cha timisomali ta mkuwa ta m'makona a matumba mu 1873. Kalebulo kofiira ka pathumba lakumbuyo kanabwera mu 1936, ndipo mpaka 1971 kankalembedwa ndi zilembo zazikulu zonse, LEVI'S, kenako e anakhala wamng'ono. E wamkuluyo ndi amene aliyense amathamangira. Kuyambira 1937 timisomali ta matumba akumbuyo anatibisa mkati mwa nsalu poti tinkakanda mipando ndi zishalo, mu 1966 anatichotseratu n'kuika msoko wothinana m'malo mwake, nde ukapisa dzanja kumkati n'kumva chitsulo pakona pa thumba lakumbuyo uli ndi chinthu chakale ndithu, kapena chokopera chakale. Ukapinda mwendo n'kupeza mphepete yoyera yolukidwa yokhayokha yokhala ndi kaulusi kofiira, imeneyo ndi selvedge, nsalu ya pa makina akale opapatiza, ndipo pa 501 wamba inasiyika m'ma 1980.

Mu muluwu mwatuluka imodzi ya E wamkulu, selvedge ilipo, timisomali tobisika tilipo, mtima unagunda ndithu. Koma nditaitembenuza, kumkati kuli lebulo ya kachapidwe. Levi's inayamba kuika malebulo amenewa chakumayambiriro kwa ma 1970, nde jinzi ya timisomali tobisika, yomwe iyenera kukhala ya m'mbuyo mwa 1966, singakhale nayo. Kumbuyo kwa batani la m'chiuno kwadindidwa 555, nambala ya fakitale ya ku Valencia Street ku San Francisco yomwe inatsekedwa mu 2002. Ndiye kuti iyi ndi imodzi mwa zomwe kampaniyo inayamba kupanga yokha m'ma 1990 mokopera majinzi ake akale. Si feki, ndi Levi's yeniyeni, yadutsanso zaka 20 payokha ndipo ili ndi oifuna ake, kungoti si gulu limodzi ndi ya m'ma 1950. Ndaona kuti chizindikiro chimodzi sichikwanira, pafunika zitatu kapena zinayi zigwirizane, chimodzi chikatsutsa ndiye chimenecho n'chomwe uyenera kuchimvera.

China choti ndinene, kalebulo kofiira kopanda dzina, kongokhala ndi R mkati mwa kabwalo, si umboni wa feki, kampaniyo imatulutsa dala ena otero.

Pa majinzi kusuluka si vuto, pena ndiye mtengo wake. Osonkhanitsa, makamaka a ku Japan omwe anakweza kwambiri msika umenewu kuyambira m'ma 1980, amafuna kusuluka kobwera ndi thupi la munthu: mizere ya pantchafu, makwinya a kuseri kwa bondo, chithunzi cha chikwama pathumba. Kwa kufakitale kumadziwika, mwendo wakumanja ndi wakumanzere zimafanana ndendende, pomwe munthu sakhala pansi molingana choncho. Chomwe chimagwetsa mtengo ndi mpendero wodulidwa, uja woyamba wa msoko wa tcheni womwe umapotoka pochapa ukachoka sabwereranso.

Lachisanu usiku

Matisheti ndiwo andipatsa mutu. Mfundo yodziwika ndi yoti akale a ku America ali ndi mzere umodzi wa ulusi pampendero wa mkono ndi wa pansi, mizere iwiri inadzafala cha pakati pa ma 1990. Ambiri analinso opanda msoko m'mbali, thupi lonse lozungulira. Malebulo ngati Screen Stars, Hanes, Brockum ndi Giant amathandiza. Vuto ndi loti opanga mafeki nawonso amawerenga zomwezi, amasoka mzere umodzi, amadula lebulo pa tisheti yakale yopanda chithunzi n'kuisokerera pa yatsopano. Nde ndikuyang'ana ulusi wa pakolala ngati unasololedwapo, kenako kagalasi pa chithunzi. Inki yakale yodinda ndi sefa imakhala pamwamba pa nsalu ndipo imang'aluka motsatira mmene nsalu imatamukira, yodinda ndi printa imaoneka timadontho ting'onoting'ono, ndipo ena amajambuliratu ming'alu yomwe ukaikhudza ndi chala ili see. Chaka cholembedwa pansi pa chithunzi ndi cha chithunzicho, osati cha tisheti, chithunzi cha 1991 atha kuchidindanso chaka chino.

Imodzi yakuda yandimvetsa chisoni. Yosavalidwapo, inki yonyezimira, mzere umodzi, zonse zikugwirizana, koma nditakoka pang'ono mpendero kumkati yangoti pwee, popanda mphamvu iliyonse, n'kusiya kafumbi kakuda m'zala. Kumeneko ndi kuola kouma komwe kumagwira matisheti akuda omwe anakhala zaka osachapidwa, utoto wake wa salufa umatulutsa asidi yemwe amadya thonje pang'onopang'ono. Palibe mankhwala ake. Zaka ili nazo, chithunzi n'chofunidwa, koma kulimba ndalemba ziro. Tsopano yakuda iliyonse yooneka yatsopano kwambiri ndikumaiyesa kaye ndisanalowe zina zonse.

Juzi ya Champion ya Reverse Weave yapezeka imodzi, imadziwika ndi nsalu yotamuka yomwe anaika m'mbali monse, thupi lake analidula chopingasa kuti isamafupike pochapa, luso lomwe analembetsa mu 1938. Iyi ndi mwa zochepa zomwe zakhoza mafunso onse atatu.

Lamlungu

Ndimafuna kupuma koma njenjete sizidikira. Majuzi awiri ndi chikhoti chimodzi zili ndi timabowo, ndipo chomwe chimadya si njenjete youluka ija ayi, ndi mphutsi zake, zimakonda ubweya wokhala ndi thukuta kapena zotsalira za chakudya, m'khwapa, pakolala, kuseri kwa matumba. Zonse za ubweya ndazimanga m'mapulasitiki n'kuziika mufiliza, pa -18 zikhalemo sabata yathunthu, zisanayandikire zinzake.

Pa Excel ndagawa kuwonongeka pawiri, kokonzeka ndi kosakonzeka, chifukwa mawu oti "chili bwino" sanena kanthu. Batani lothothoka, msoko womasuka, nsalu yamkati yong'ambika, zipi yofa, zonsezo achemwali akuti ndi ntchito ya madzulo amodzi. Zosakonzeka ndi matuza a suti aja, kuola kouma, silika wakale yemwe akusweka yekha m'mizere chifukwa cha mchere wa zitsulo womwe ankamuthira kuti alemere, majekete a mvula omwe pulasitiki wamkati akumata ndi kusupuka, chikopa chabodza chomwe chayamba kukanganuka, komanso chikasu cha m'khwapa chomwe chafika poumitsa nsalu. Fungo la nkhungu lili pakati, pena limachoka ndi kuyanika pamthunzi podutsa mphepo, pena limabwerera kukangochita chinyezi.

Tinatsutsana pang'ono ndi achemwali pa jekete lina la jinzi long'ambika pakolala. Iwo manja akuyabwa, akufuna atembenuze kolala, asinthe mabatani awiri adzimbiri, likhale ngati latsopano. Ine ndawapempha kuti alisiye kaye. Chovala chovala kuchikonza n'kuchionjezera moyo, koma chomwe osonkhanitsa akuchifuna, batani lililonse lomwe wasintha wachotsapo mtengo, amalolera chigamba chakale chosokedwa pamanja ndi mwini wake kusiyana ndi ntchito yaukhondo ya dzulo. Nchifukwa chake funso lachitatu lija liyenera kuyankhidwa singano isanalowe, ngakhalenso sopo, mankhwala oyeretsera ndiye asayandikire n'komwe. Agwirizana nazo monyinyirika, akuti kolala yong'ambika ndi kolala yong'ambika basi olo muitchule dzina lanji.

Pomwe tafika

Mulu wadutsa theka. Zambiri zagwera m'gulu la zovalika koma zamasiku ano, kagulu kochepa ndi kolimba kopanda oifuna ngati Harris Tweed uja, zofunidwa zenizeni zikukwana pa mpando umodzi. Pa funso la kufunidwa ndasiya kuyang'ana mitengo yomwe anthu akutchula pa msika wa pa intaneti wa eBay, munthu atha kutchula chilichonse, ndikuyang'ana zomwe zinagulidwadi ndipo ndikulemba tsiku lomwe ndayang'ana poti zimenezi zimasintha ndi fasho, chomwe chili moto chaka chino chaka chamawa chitha kuzizira pomwe mzere wa kulimba sudzasintha. Ndaonjezeranso danga lolemba kuti ndatsimikiza ndi zizindikiro zingati, kuti chomwe ndangodalira chizindikiro chimodzi ndidzachibwererenso.

Zatsala ndi zachikopa, masikafu a silika ndi majezi a mpira, omwe ali ndi nkhani zawozawo za mafeki. Majuzi akatuluka mufiliza ndiwasiya atenthedwe okha m'pulasitiki momwemo, kenako kuwapinda n'kuwagoneka osati kuwapachika, pa hang'ala amatamuka mapewa. Ndikufunanso kagalasi kena kamphamvu pang'ono, aka kakulephera kuonetsa bwino timadontho ta inki pa nsalu yakuda.